Nkhope ya bambo anga yasanduka utsi: kodi black and grey imatha chonchi?

Mwana_wa_Mdala
Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Chaka chatha ndinajambulitsa nkhope ya malemu bambo anga pamkono, chakumtunda kuno pafupi ndi phewa, tattoo ya mtundu uja amati black and grey realism, ya zakuda ndi zotuwa zokhazokha, yooneka ngati chithunzi chenicheni. Tsiku limene ndinatuluka m'shopumo misozi inalengeza, chifukwa mdalayo ankaoneka ngati ayankhula pompo. Makwinya a pamphumi, imvi za m'ndevu, ngakhale kachipsera kamene anali nako m'munsi mwa diso, zonse zinalipo. Lero papita miyezi 8. Maso ndi tsitsi zikuonekabe, koma masaya, mphuno ndi makwinya aja zalowererana, ngati munthu waima kuseri kwa utsi. Dzulo mlongo wanga anayang'ana n'kufunsa kuti, "Kodi awawa ndi ndani?" Mtima unandiwawa kwambiri. Chilonda ndinachisamala monga anandiuzira, sindinakande ngakhale pamene pankayabwa koopsa. Ndiye ndikufunsa: kodi mtundu umenewu mathero ake ndi omwewa, kapena wojambulayo anandilakwira? Nanga zingakonzeke?

Chiphaliwali
Pepani achimwene. Koma chilungamo chake, realism imatero basi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Imakongola sabata yoyamba pa Instagram, kenako n'kuyamba kusuluka. Ine n'chifukwa chake ndimangofuna za mizere yonenepa, zoti ngakhale ndidzakalambe anthu azidzadziwa kuti ichi ndi chiwombankhanga.

SinganoImodzi
Tisathamangire kuuweruza mtundu wonse. Achimwene, ndiyankheni zitatu kaye. Nkhopeyo ndi yaikulu bwanji, kuchokera pachibwano kufika pamwamba pa mphumi? Chithunzi chimene munapereka chinajambulidwa motani, kuwala kunkachokera kuti? Ndipo pa tattoo yonseyo, kupatula maso ndi tsitsi, pali pena pamene pali pakuda bii?

Mwana_wa_Mdala
Ndayeza ndi rula, ndi masentimita 7 basi. Chithunzi chinali chija cha pachiphaso, chojambulidwa ndi flash. Pakuda bii palibe, nkhope yonse anangoithira zotuwatuwa. Kumbuyo kwake kulibe kanthu, ndi khungu langa lomwe. Khungu langalo ndi lakuda ndithu, ngati zimenezo zili ndi ntchito.

SinganoImodzi
Basi, mwayankha nokha funso lanu. Ndagwira makina zaka zambirimbiri, ndipo nkhani ngati yanuyi ndakumana nayo kangapo.

Ndiyambe ndi mmene timagwirira ntchitoyi. Pa black and grey weniweni inki ndi imodzi yokha, yakuda. Timandandalika tizikapu tinayi kapena tisanu. Koyamba timathira yakuda yosasakaniza, kotsatira timaisukulutsa ndi madzi oyera osungunulira, kenako mowonjezera, mpaka komaliza kamene kamakhala ngati madzi otsukira burashi. Imeneyo ndiye grey wash. Choyera chimene mumaona pa tattoo yotere si utoto ayi, ndi khungu lanu lomwe limene talisiya dala osalikhudza. Ndiye chithunzi chonse chimaimira pa mtunda umene ulipo pakati pa pakuda bii ndi khungu losakhudzidwalo. Mtundawo ukachepa, nkhope imagwa.

Tsopano msampha uli apa. Tsiku lojambula khungu limakhala lofiira, lotupa, ndipo inki ina imakhala ikadali pamwamba. Wash yopepuka ija imaoneka yamphamvu kuposa mmene ililidi. Chilonda chikapola, nkhanambo zikagwa, kufiira kukatha, wash imabwerera m'mbuyo. Wojambula wozolowera amadziwa zimenezi, ndiye amadetsa dala kupitirira pamene diso likumuuza kuti pakwana. Wamantha amaimira pamene pakuoneka bwino tsiku lomwelo, amajambula chithunzi, kasitomala n'kupita akusangalala. Miyezi ingapo kutsogolo ndiye utsi mukunenawo.

Chachiwiri ndi flash. Imamenya nkhope kutsogolo n'kupha mithunzi yonse. Mphuno imaoneka kuti ndi mphuno chifukwa cha mthunzi wa m'mbali ndi wa pansi pake. Chithunzi cha pachiphaso chilibe zimenezo, ndiye wojambula analibe poyambira. Akanayenera kukupemphani china, kapena kupanga yekha mithunziyo.

Chachitatu, masentimita 7 ndi ochepa kwambiri kwa nkhope ya munthu wamkulu yokhala ndi makwinya. Ine nkhope sindivomera ikachepera chikhatho cha munthu wamkulu.

Chiphaliwali
Ndiye mukugwirizana nane kuti imasuluka kkkk

SinganoImodzi
Ayi. Ndikunena kuti yopangidwa mwamantha imasuluka. Si chimodzimodzi.

Namwino_Usiku
Ndiwonjezerepo za thupi, poti ndi kumene ndimadziwako. Khungu lili ndi magawo. Lapamwamba, epidermis, limafundula nthawi zonse, pafupifupi mwezi uliwonse limakhala latsopano. Inki imene yatsalira mmenemo imachoka nalo limodzi. Yokhalitsa ndi imene yafika gawo lachiwiri, dermis, pafupifupi milimita imodzi kapena ziwiri kulowa m'kati. Kumeneko maselo a chitetezo otchedwa macrophage amameza timadontho ta inki poganiza kuti ndi mdani, koma amalephera kutigaya, ndiye amangokhala nato pomwepo. Selo ikafa, ina imatola. N'chifukwa chake tattoo imakhalitsa, komanso n'chifukwa chake m'kupita kwa zaka mizere imafufuma pang'ono: timadonthoto timasuntha. Makwinya awiri ojambulidwa moyandikana kwambiri amadzakumana n'kukhala banga limodzi. Pamenepa a SinganoImodzi akunena zoona pa za kukula.

Wokayika_77
Tiyeni tisazungulire. Vuto ndi khungu. Realism ndi ya anthu a khungu loyera, zithunzi zonse zokongola mumaziona pa intaneti zili pa mikono yoyera ngati pepala. Pa khungu lakuda zotuwazo zingaoneke bwanji? Wojambulayo akanangokana.

MayiWaMkango
Bodza limenelo achimwene. Ine khungu langa ndi lakuda kuposa anthu ambiri amene ndimawadziwa, ndipo ndili ndi mkango pantchafu, chaka chachisanu ndi chimodzi tsopano. Ukaima patali umaona mkango, ukayandikira umaona ndevu zake. Koma wojambula wanga anandiuziratu tsiku loyamba kuti, "Mayi, tizikapu tiwiri tomalizati sitigwira ntchito pa inu, ndingokuvulazani pachabe." Anagwiritsa yakuda ndi ziwiri zotsatira basi. Mkangowo anaukulitsa mpaka ndinadandaula kuti wadzaza ntchafu yonse. Pamphumi ndi pamphuno pake sanakhudzepo n'komwe, ndipo pamenepo ndi pamene lero pamawala. Kumbuyo anadetsako bii. Ndinkaona ngati akuwononga, koma mdima umenewo ndi umene ukuutulutsa mkangowo.

Wokayika_77
Mkango ndi mkango mayi. Mukalakwitsa tsaya la mkango palibe amene angadziwe. Nkhope ya bambo a munthu ndi nkhani ina.

MayiWaMkango
Pamenepo ndavomera. Koma mwasintha nkhani. Munayamba ndi kunena kuti khungu lakuda silingatheke.

Namwino_Usiku
A Wokayika ali ndi kachoonadi pang'ono, koma akukakokera kutali. Melanin, chimene chimadetsa khungu, amakhala m'gawo lapamwamba lija, inki ili pansi pake. Ndiye tattoo timaiona kudzera m'khungu, ngati kuyang'ana kunja pa galasi la galimoto lodetsedwa. Chilichonse chopepuka kuposa mtundu wa khungu lako sichioneka. Zimenezi zikutanthauza kuti masitepe a pakati pa kuda ndi kuwala amachepa, osati kuti palibe. Wojambula ayenera kusankha mithunzi yochepa koma yolimba.

Kadzidzi
Ine ndingofunsa, si mtundu uja unayambira kundende umenewu? Amalume anga amati aliyense wokhala ndi tattoo yotuwa anamangidwapo kkkk

Mkulu_wa_Mbiri
Amalume anuwo sanaphonye kwenikweni pa chiyambi chake. Mtunduwu unakulira m'ndende za ku California, makamaka pakati pa akaidi achi Chicano, ndiye kuti anthu a ku America ochokera m'mabanja a ku Mexico. M'ndende munalibe utoto wamitundumitundu. Inki ankaipanga ndi mwaye wa zinthu zowotcha kapena kutenga ya m'mapeni, n'kumaisukulutsa ndi madzi kuti apeze mithunzi. Makina ankalumikiza okha: kamota ka wailesi ya kaseti, chubu cha bolopeni, ndi waya wa gitala wonoledwa kukhala singano. Singano imodzi yokha, n'chifukwa chake mizere yake inali yopyapyala ngati ya pensulo, yosiyana kwambiri ndi mizere yonenepa ya m'mashopu a nthawi imeneyo imene a Chiphaliwali amaikonda.

Anthuwa atatuluka ankafuna zomwezo kunja, koma mashopu sankapanga. Mu 1975 ojambula ma tattoo awiri, Charlie Cartwright ndi Jack Rudy, anatsegula Good Time Charlie's Tattooland ku East Los Angeles, mumsewu wa Whittier Boulevard, n'kuyamba kugwiritsa singano imodzi pa makina enieni a m'shopu. Mu 1977 wojambula wina, Don Ed Hardy, anagula shopuyo, ndipo Freddy Negrete, amene luso lakelo analiphunzira ali m'ndende ya achinyamata, anayamba kugwira ntchito pamenepo. Zimene ankajambula zinali za moyo wa anthu awo: Namwali Maria wa ku Guadalupe, nkhope ya Yesu, maluwa a rozi, manja opemphera, nkhope ziwiri zija ina yoseka ina yolira, mayina olembedwa mokhotakhota, ndi nkhope za okondedwa. Ndiye achimwene amene mwajambulitsa bambo anu, muli pamzere weniweni wa mtunduwu. Kukumbukira munthu ndi ntchito imene unayamba nayo.

Kadzidzi
Waya wa gitala?? Eee, anthu analimba mtima.

Namwino_Usiku
Analimba mtima, komanso ambiri anatengerapo matenda a chiwindi, hepatitis B ndi C, chifukwa chobwerekana singano. Wina asawerenge izi n'kukamasula wailesi kunyumba chonde.

Mkulu_wa_Mbiri
Ndipo za mwaye si zachilendo. Munthu uja anapezeka mu ayezi m'mapiri a Alps ku Ulaya mu 1991, amene amamutcha Ötzi, anakhalako zaka zoposa 5,000 zapitazo ndipo ali ndi ma tattoo 61, timizere ndi timitanda, a mwaye womwewo. Inki yakuda ya masiku ano nayonso maziko ake ndi carbon. Pa mitundu yonse, wakuda ndi umene umapirira kwambiri.

Chiphaliwali
Mwaona? Ötzi anasankha mizere, ndipo ikuonekabe. Akanajambulitsa nkhope ya agogo ake ya masentimita 7 bwenzi asayansi akufunsa kuti "awawa ndi ndani" kkkkk

MayiWaMkango
Achimwene, munthu akulira bambo ake pano. Chepetsani.

Chiphaliwali
Zoona, ndapyola malire. Pepani a Mwana_wa_Mdala.

Mwana_wa_Mdala
Palibe kanthu, ndasekako nanenso. Mdalayo akanaseka kuposa tonse. Koma tibwerere ku mkono wanga. Mnzanga wina akuti ndikawonjezere inki yoyera pamphuno ndi pamasaya kuti nkhope ituluke. Nzeru imeneyo ndi yabwino?

Dontho_Loyera
Ine ndinganene kuti inde. Wanga anandiika yoyera m'maso mwa kadzidzi ndi pamilomo ya chigaza, ndipo zinawala ngati galasi.

SinganoImodzi
Zinawala liti, ndipo pano zikuwala bwanji?

Dontho_Loyera
Chabwino, pano zachita ngati chikasu pang'ono. Koma zikuonekabe.

SinganoImodzi
Ndi zimenezo. Yoyera nayonso imakhala pansi pa khungu, ndiye imatenga mtundu wa khungulo. Kadontho m'diso kapena pansonga ya mphuno n'kabwino, ngati mchere pang'ono. Koma siingapulumutse nkhope imene ilibe mdima. Kuwala pa tattoo sitikupanga pothira choyera, timakupanga podetsa pambali pake. Alipo ojambula ena amene amasakaniza yakuda ndi yoyera kuti apeze utoto wotuwa wokhuthala, amati opaque grey. Imaoneka ngati penti, ndipo m'manja mwa katswiri ndi yokongola. Koma pa khungu ngati la achimwenewa ine sindingayambire kumeneko.

Chimene ndingachite n'chakuti: choyamba kudetsa kumbuyo, mbali imodzi ya nkhope, kuti tsaya ndi chibwano zidulike bwino. Kenako kulimbitsa pansi pa chibwano, pansi pa mphuno, m'maenje a maso ndi mkati mwa khutu. Makwinya ang'onoang'ono ndi kuwaiwala, n'kusankha atatu kapena anayi amene amapangadi nkhope ya bambowo. Singano yake ndi magnum yokhota kumapeto, imene imayala mthunzi mofewa osasiya mizere m'mbali. Ubwino wanu ndi woti tattoo yopepuka imakonzeka. Yodetsedwa mopitirira ndiye imavuta, chifukwa inki sitingaichotse ndi singano.

Wokayika_77
Kapena angoifufuta ndi laser n'kuyambiranso yaikulu. Kuphatika zigamba pa chinthu cholakwika kale n'kutaya nthawi.

Namwino_Usiku
Laser si labala achimwene. N'zoona kuti inki yakuda ndi imene imamvera laser kuposa mitundu ina, ndipo pa khungu lakuda amagwiritsa laser ya mtundu wotchedwa Nd:YAG ya 1064 nm chifukwa melanin saikoka kwambiri. Koma pamafunika maulendo angapo otalikirana masabata, n'zopweteka, ndipo pamatha kutsala mawanga oyererako kapena oderako. Chinanso, anthu a khungu lakuda kusiyana ndi ena amachita kawirikawiri keloid, zipsera zija zimatukuka n'kumakula kupitirira bala. A Mwana_wa_Mdala, munayamba mwachitapo chipsera chotukuka, mwina pamene munabayidwa katemera kapena munavulala? Ndipo mukasisita pa tattoo panopa, pali posalala kapena pali timizere totukuka?

Mwana_wa_Mdala
Keloid sindinachitepo. Pa tattoo pali posalala, kupatula pa tsaya lamanzere pamene pali ngati pokhakhala pang'ono komanso pamanyezimira.

SinganoImodzi
Pamenepo anabwerezapo kwambiri. Ndikuona mmene zinachitikira: anathira wash yopepuka, sinaoneke, anabwerezanso, sinaoneke, mpaka khungu linatopa. Malo otero salandira inki mofanana ndi ena, ndiye amene adzakonze muwaonetse pamenepo asanayambe. Pa miyezi 8 khungu lapola mokwanira, koma pokhakhalapo ngati pakadali ponyezimira kwambiri dikiraniko miyezi ingapo.

Nyenyezi_ya_Mmawa
Ndalowa mochedwa koma palibe amene wafunsa za dzuwa. Ine ndili ndi rozi kuphewa ndi wotchi kunthiti, wojambula mmodzi, chaka chimodzi. Wotchi imene imakhala m'malaya ili ngati ya dzulo. Rozi wafwifwa chifukwa ndimakonda zovala zopanda manja. Achimwene, mkono umenewo umakhala padzuwa?

Mwana_wa_Mdala
Ndimagwira ntchito panja achemwali, ndipo kukatentha ndimapinda malaya mpaka m'phewa. Sunscreen, mafuta aja oteteza khungu ku dzuwa, sindinapakepo chibadwire, ndinkaona ngati ndi za anthu oyera.

Nyenyezi_ya_Mmawa
Ndiye mlandu wina ndi wanu kkk. Dzuwa limaphwanya inki, komanso limadetsa khungu lapamwamba, ndiye galasi lija ananena a Namwino limaderatu. Wash yopepuka ndi imene imayamba kubisika.

SinganoImodzi
Dzuwa lathandizira, koma pa miyezi 8 lokha silingafafanize nkhope yomangidwa bwino. Ndisamuchotsere mlandu mnzanga wa ntchito.

Kadzidzi
Ndiye abwerere kwa yemweyo kapena apite kwina? Ambiri amakonza ulere ntchito yawo ikapola.

Chiphaliwali
Kubwerera kwa amene anakulakwira chifukwa cha ulere? Mkono ndi umodzi, bambo ndi amodzi.

MayiWaMkango
Ine ndinganene kuti amuonetse kaye. Mwina munthuyo sanaonepo ntchito yake itapola pa khungu lakuda, chifukwa makasitomala ambiri sabwerera. Mmene ayankhire ndi mmene mudziwire. Akavomera kuti anapepuza dzanja n'kufotokoza chimene achite, pali chiyembekezo. Akayamba kuloza inu chala, nyamukani. Ndipo kulikonse kumene mupite, musaone zithunzi za tsiku lojambula, zonyezimira mafuta zija. Nenani kuti, "Ndionetseni nkhope imene munajambula chaka chatha kapena dzana, pa khungu ngati langali, itapola." Amene alibe amayamba kukanda m'mutu.

Mwana_wa_Mdala
Ndamutumizira chithunzi madzulo ano. Wayankha kuti khungu langa ndi limene "linadya inki" ndipo akhoza kubwerezanso momwemo. Nditafunsa za kudetsa kumbuyo wati zimenezo ziwononga kufewa kwa chithunzi.

SinganoImodzi
Kubwereza momwemo kubala zomwezo, kuphatikizapo chipsera china. Khungu silidya inki mosankha munthu. Funani wina, ndipo musachite manyazi kupempha kukumana naye kaye popanda singano, angoona mkonowo pa kuwala kwa masana.

Wokayika_77
Apa pokha ndagwirizana nanu. Komabe ndikuti masentimita 7 akhalabe 7.

SinganoImodzi
Akhalabe 7, inde. Siidzafika pa imene ikanakhala ikanayamba yaikulu. Koma mlongo wawo adzawazindikira bambo ake, pamenepo ndikhoza kulonjeza ngati dzanja lili labwino.

Mwana_wa_Mdala
Mayi andipezera chithunzi china m'chikwama chawo. Mdala wakhala pafupi ndi zenera, kuwala kukuchokera kumanja, mbali ina ya nkhope ili mumdima, ndipo kachipsera kaja kakuoneka bwinobwino. Mutu anapendeketsa pang'ono kusiyana ndi cha pachiphaso chija. Chingathandize, kapena poti nkhope inajambulidwa kale ndiye basi?

SinganoImodzi
Chitengeni, pamodzi ndi choyambacho. Maonekedwe a mutu atsatira chakale chifukwa ndi chimene chili pakhungu, koma mithunzi aitenga pa chatsopanocho. Mwamwayi mdimawo ukugwera kumanzere, komwe kuli tsaya lokhakhala lija, ndiye likabisala mumthunzi m'malo mokhala poyera. Mukachisindikize chachikulu, chakuda ndi choyera, osati kungomuonetsa pafoni. Ndipo kuyambira mawa malayawo musapindenso.

Mwana_wa_Mdala
Ndamva akulu. Mayi akuti chithunzicho ndikabweze chisanade m'mphepete, ndiye ndikachita kopi mawa m'mawa.